Jekete la Munthu Wamoyo

Ku Chikanda, ukapitirira tinyumba ta lendi tomwe mumakhala ophunzira a pa yunivesite n'kutsetsereka cha kumunsi, pali nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi mtengo wa mapeyala pakhomo. M'nyumba imeneyo munkakhala a Benard Khuliwa, akazi awo a Selina, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Yesaya. Sanali anthu achuma, koma pakhomopo panali mtendere, ndipo mlendo sankachokapo ndi njala. M'mawa uliwonse banjali linkayamba ndi pemphero, a Khuliwa akutsogolera nyimbo ndi mawu awo abesi.

A Khuliwa anagwira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ya boma kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Ntchito yawo inali yonyamula mafayilo, kukwera ndi kutsika zitunda za Zomba wapansi, ndipo ankainyadira ngati ndi ubwanamkubwa. Atapuma pantchito anatsala ndi jekete lawo la khaki la mabatani achitsulo, pamodzi ndi chipewa chake. Jeketelo linkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Loweruka lililonse a Selina ankalisita ndi nsimbi ya makala kuti m'mawa mwake bambowo apite nalo kutchalitchi, komwe anali mkulu wa mpingo.

Yesaya anabadwa ndi mphatso. Asanayambe n'komwe sukulu ankatha kuyerekeza nkhuku yofuna kuikira, kondakitala woitanira anthu opita ku Limbe, ngakhalenso mmene aphunzitsi a kwaya ankakwezera nsidze nyimbo ikalakwika. Pa Khirisimasi ina gulu la achinyamata la kutchalitchi linamupatsa gawo la mwini nyumba ya alendo wokana kutsegula chitseko, ndipo tchalitchi chonse chinafa nalo phwete, mpaka abusa kuvula magalasi. Woseka kwambiri anali a Khuliwa. Pobwerera kunyumba anamunyamula mwanayo paphewa, ngakhale anali atapitirira kale msinkhu wonyamulidwa, n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, Mulungu wakupatsa mpango wopukutira anthu misozi. Usadzausandutse tsabola."

Zaka zinapita. Yesaya ali Folomu 4, tsiku lina bambo ake anagwa akupalira chimanga m'kamunda ka kuseri kwa nyumba. Madokotala anati ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala ali moyo, koma mwendo wakumanzere ankachita kuukoka, pakamwa panapotoka, ndipo mawu abesi aja ankatuluka olemera, movutikira. Komabe sanasiye kupita kokapemphera. Lamulungu ankanyamuka anthu ena asanasambe n'komwe, atavala jekete lija, akazi awo ali pambali. A Selina akayamba kuda nkhawa kuti achedwa, iwo ankaima, n'kupuma, n'kunena ndi lilime lawo lolemeralo kuti, "Pang'onopang'ono, tifika." Ndipo ankafikadi. Anthu a m'njira ankawapatukira mwaulemu, ena mpaka kutsika panjinga.

Mayeso a Yesaya sanayende bwino kwenikweni. Yunivesite inali pamphuno pomwepa, koma iye ankangoionera kumpanda. Anapeza ganyu pa kashopu kometera tsitsi kufupi ndi Chirunga, pomwe pali yunivesiteyo, ndipo ophunzira ankadzazana pamenepo, osati chifukwa chakuti ankameta bwino kuposa ena, koma chifukwa cha nthabwala zake. Pamenepo ndi pomwe anakumana ndi Marvin.

Marvin ankaphunzira pa yunivesite pomwepo koma anamuchotsa atalephera mayeso, ndiye kwawo ku Lilongwe ankachita manyazi kubwerera. Ankachita lendi ku Sadzi, ali ndi foni yodula ndi tsamba la pa intaneti lomwe ankaikapo timavidiyo toseketsa. Anali wa pakamwa pa uchi, wodziwa kuyamikira munthu mpaka munthuyo kuiwala kwawo. "Aise, iwe ukungowola pano," anatero tsiku lina akumetedwa. "Luso limeneli ndi dola. Ine kamera, iwe nkhope, basi taphula."

Anayamba kujambula. Yesaya anasewera landilodi wovuta, mlaliki wa m'basi, mlonda wogona pantchito. Vidiyo yoyamba anakaonetsa kunyumba, ndipo a Khuliwa anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa pawo mpaka kutsokomola. Koma Marvin atabwera kudzawaona, n'kuwapatsa moni ali chiimire, dzanja lina lili m'thumba, bambowo anamuuza mwana wawo kuti mnzakeyo amuyendere patali, chifukwa maso ake amayang'ana munthu ngati akuyang'ana katundu wa pamsika. Yesaya anavomera ndi pakamwa pokha.

Timavidiyo tija anthu ankaonera, koma osati ambiri. Marvin ankadandaula kuti zimenezo aliyense akupanga, pakufunika munthu mmodzi wachilendo woti dziko lonse lizimutchula. Ankakambirana zimenezi pa bala ina ya ku Chikanda komweko, ndipo Yesaya, yemwe poyamba ankangomwa zoziziritsa kukhosi, anaphunzira kuti botolo limodzi limachotsa manyazi. Limodzilo linabala anzake. Amayi ake atamva fungo anamudzudzula, iye n'kunama kuti wina anachita kumutayira pamalaya.

Masana ena, atamwa ndithu, Yesaya ananyamuka kuti akataye madzi. Chomwe chinamulowa sindikuchidziwa. Anapinda msana, n'kukoka mwendo wakumanzere, n'kupotoza pakamwa, ndipo anzake atamukuwiza kuti afulumire, anatembenuka n'kunena ndi lilime lolemera kuti, "Pang'onopang'ono, tifika." Bala yonse inaphulika. Wina anagwa pampando, wina mowa unamutulukira m'mphuno. Marvin yekha ndiye sanaseke, maso ake anali pafoni, akujambula. Kenako anafunsa kuti madala amenewa anawaona kuti, ndipo Yesaya, mowa uli m'mutu, anaulula kuti ndi bambo ake, n'kuwonjezera kuti amavala jekete la khaki ndi chipewa.

"Kalitenge," anatero Marvin. "Lenilenilo. La pa kaunjika silingafanane nalo."

Kunena zoona, mtima wa Yesaya unamutsutsa. Koma kuseka kuja kunali kukumvekabe m'makutu mwake, ndipo kwa munthu wa mtundu wake kuseka kwa anthu kumaledzeretsa kuposa mowa. Lolemba m'mawa, bambo ake ali pakhonde kuothera dzuwa, amayi ake atapita kuchigayo, analowa kuchipinda n'kuchotsa jekete ndi chipewa pamsomali. Anadziuza kuti abweza madzulo.

Anakajambulira pamsewu wokhotakhota wokwera phiri la Zomba, momwe amayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni. M'vidiyomo mkulu wovala khaki ankakwera phiri akukoka mwendo, magalimoto akumudutsa, anyamata ogulitsa masitiroberi akumuseka, iye akungoti afika. Anamutcha dzina loti Madala Tifika. Sabata isanathe vidiyo ija inali m'foni iliyonse, kuyambira ku Chirunga mpaka ku Mzuzu. M'maminibasi, dalaivala akachedwa kunyamuka, anthu ankapotoza pakamwa n'kumatchula mawu aja. Yesaya anasiya kumeta, anasamukira ku Sadzi kwa Marvin, ndipo jekete linasamuka naye.

A Selina anasakasaka jeketelo nyumba yonse, nsimbi itatentha kale, osalipeza. Anakaliona kumsika, mayi wina wogulitsa tomato atawaikira foni pamaso kuti nawonso aseke. Mayiyo sankadziwa kuti akuonetsa ndani. A Selina anazindikira batani lina lomwe anasokerera okha ndi ulusi wakuda. Anasiya tomato pomwepo n'kuyenda wapansi mpaka ku Sadzi, komwe anamupeza mwana wawo ali pakhonde, maso ali psuu, dzuwa lili paliwombo.

Sanakalipe. Anakhala pansi pasimenti, n'kukonza chitenje bwinobwino pamiyendo, n'kumufunsa ngati akukumbukira maliro a agogo ake kumudzi ku Mayaka. Yesaya anati akukumbukira. Anamufunsanso ngati anawaona amayi aja anavala malaya a malemu n'kumayenda ngati iwo, anthu n'kumaseka misozi ili m'masaya. Anati anawaona.

"Ndiye mwambo wathu umenewo," anatero a Selina. "Munthu amamuvalira zovala n'kumamuyerekeza tsiku lomuika m'manda. Ndipo amachita zimenezo ndi asuweni ake kapena zidzukulu, osati mwana wobereka yekha iyayi. Iwe bambo ako akupuma, akudya, akupemphera, koma wawavalira kale jekete. Wayamba kuwaika ali moyo, Yesaya."

Yesaya anaseka kuseka kwa manyazi. Anati zimenezo n'zakumudzi, ili ndi sewero chabe, ndipo palibe akudziwa kuti Madala Tifika ndi ndani. Anapisa m'thumba kuti awapatse ya sopo, koma amayiwo sanatambasule dzanja. Anangoti Chikanda yonse ikulidziwa jekete limenelo, ndipo azikumbukira kuti lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Atachoka, Marvin anatuluka m'nyumba momwe ankamvetsera n'kunena kuti makolo onse amatero poyamba, akadzaona malata atsopano padenga adzavina okha.

Lamulungu lotsatira a Khuliwa ananyamuka monga mwa masiku onse, atavala shati yoyera yokha. Sanafike patali. Ana omwe ankasewera mpira wachikulunga pamsewu atangowaona, anausiya mpirawo n'kundandana pambuyo pawo, aliyense akukoka mwendo, pakamwa atapotoza, akuimba mawu aja. Ophunzira ena omwe ankachokera kogula mandasi anatulutsa mafoni, mmodzi n'kufuula kuti awa ndiye akutha kuposa wa m'vidiyo uja. A Selina anayesa kuthamangitsa anawo, koma akathamangitsa uku ena ankatulukira uko. A Khuliwa anaima pakati pa msewu nthawi yaitali. Kenako anatembenuka. Aka kanali koyamba kubwerera panjira ya kutchalitchi, ndipo njira imeneyo sanadzaiyendenso.

N'zomvetsa chisoni kuti munthu amene sitiroko inalephera kumukhazika pansi, anadzamukhazika pansi ndi mwana wake yemwe. Pakhonde anasiya kukhalapo, chifukwa odutsa ankasuzumira pampanda. Ankangobindikira m'chipinda, maso ali pamsomali wopanda kanthu uja. Chakudya ankangolawa, mankhwala ankamwa mochita kuwanyengerera. Akulu a mpingo anapita ku Sadzi kuti akacheze ndi Yesaya, koma iye anawazemba potulukira khomo lakuseri.

Pamene kunyumba zinkatero, Madala Tifika ankangokwera. Ankamuitana m'maukwati ndi m'mapwando a makampani, ndipo anthu ankalimbirana kujambulitsa naye. Yesaya anagula nsapato zosongoka ndi tcheni cha m'khosi. Asanakwere pansanja ankamwa kuti achotse mantha, akatsika ankamwa kuti achotse china chake chomwe sankafuna kuchitchula dzina. Jekete lija silinaonenso nsimbi. Linang'ambika m'khwapa, n'kuyamba kununkha thukuta, mowa ndi fodya. Akuluakulu omwe ankamuona akudutsa pa galimoto ankangopukusa mitu n'kumati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mwezi wa Juni, chisanu chitatsika m'phiri, a Khuliwa anatumiza mawu kuti akufuna kumuona mwana wawo. Yesaya anapita Lachinayi masana, atatafuna chingamu kuti mowa usamveke. Atawaona anadzidzimuka, chifukwa anali atatha, mafupa okhaokha. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mayankho anali atakonzeratu. Koma bambo ake anangomugwira ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kuyankhula mwapang'onopang'ono, liwu lililonse akulikoka monga ankakokera mwendo.

"Ndinaiona, mwana wanga. Umatha. Ndi ineyo ndithu." Anapuma kaye. "Mwendowu watenga, pakamwapa watenga. Zimenezo sindingakulande. Koma jekete lokhalo undibwezere. Ndinaligwirira ntchito osaba kanthu ka munthu. Ndikufuna tsiku langa likadzakwana, ndidzapite nalo."

Yesaya analira, ndipo misoziyo inali yeniyeni. "Ababa, Loweruka m'mawa ndibwera nalo," anatero, n'kulonjezanso kuti Madala Tifika athera pomwepo. A Khuliwa anagwedeza mutu, n'kuuza akazi awo kuti agule makala a m'nsimbi.

Loweruka m'mawa Yesaya analipindadi jekete n'kuliika m'jumbo pamodzi ndi chipewa. Akutuluka pageti anakumana ndi Marvin ali m'galimoto yahayala. Kunali phwando pa malo ena ogona alendo pamwamba pa phiri, la mabwana ochokera ku Blantyre, ndipo anali ataitanitsa Madala Tifika kuti akawasangalatse Loweruka ndi Lamulungu. Yesaya anati kupita apita, koma akasewera zina, landilodi kapena mlaliki uja.

"Usadzinamize, aise," anatero Marvin akumwetulira. "Anthu aja sakufuna Yesaya. Yesaya ndi ndani? Wometa wa pa Chirunga. Akufuna jekete. Lero ndi mawa basi, Lolemba ukawapatse madalawo. Kodi jekete ndi ndiwo zoti zingasase?"

Yesaya anaima, jumbo ili m'manja. Njira ya kwawo inali uku, chitseko cha galimoto chili uku, chotsegula kale. Analowa m'galimoto.

Kuphiri kunali nkhungu ndi mphepo yolasa m'mafupa. Masana amenewo, atavala kale khaki, ali pafupi kukwera pansanja, foni yake inalira. Anaona kuti ndi amayi ake. Anaganiza kuti akufunsa za jekete, ndiye anaizimitsa n'kuiponya m'chikwama. Anasewera kuposa masiku onse. Mabwana anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kumamugulira mabotolo omwe chibadwire anali asanawaonepo. Sankadziwa kuti nthawi yomwe iye ankakoka mwendo pa kapinga wa kuphiriko, kumunsi ku Chikanda a Selina ankathamanga khomo ndi khomo kufuna galimoto yoti itengere amuna awo kuchipatala. Sitiroko yachiwiri sinawapatse mpata. Anamwalira dzuwa lisanalowe, nsimbi ili pakhonde, makala ake atazima.

Uthenga unamupeza Marvin Lamulungu m'mawa, mnyamata wina wa kwaya atamuimbira. Marvin anamuyang'ana Yesaya ali m'tulo ta mowa, anaganiza za sewero lachiwiri lomwe linali masana, n'kubwezera foni m'thumba. Anamusiya kuti asewere, anamusiya kuti amwenso. Lolemba dzuwa litakwera anakamutsitsa pamsewu waukulu, polowera ku Chikanda, n'kungoti, "Pita kwanu, akukufuna." Sanamuyang'ane kumaso.

Yesaya anali asanavule jekete chifukwa cha kuzizira. Chipewa chinali kumutu, mutuwo ukuwawa, foni ili chizimire m'chikwama. Mumtima ankati wasunga lonjezo ngakhale mochedwa, akangofika pakhomo avula n'kupereka m'manja mwa eni ake. Ana a kumtunda, kufupi ndi msewu, atamuona anakuwa kuti Madala Tifika abwera, n'kumuthamangira. Thupi linachita zomwe linazolowera. Msana unapindika, mwendo unayamba kukokeka, pakamwa panapotoka. Ankayenda akucheukira anawo, ndiye masamba omwe anayalidwa panjira kusonyeza kuti kutsogoloko kuli zovuta anangowaponda osawaona. Anawo anawaona masambawo, ndipo anaima pomwepo. Iye anapitirira yekha, akukoka mwendo, mpaka kukhota pa mpanda wa kwawo.

Pakhomo panali khwimbi la anthu. Abambo anali pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi atadzaza bwalo, a kwaya atangomaliza nyimbo. Bokosi linali pakhonde, atalikhoma kale. A Selina anali pamphasa pafupi nalo, maso atatupa. Atadzutsa mutu anaona chipewa chija, khaki uja, mwendo ukukokeka m'fumbi monga unkachitira Lamulungu lililonse. Munthu amene sanaone tulo chimwalirire cha mwamuna wake, mutu sugwira bwino. Anadzambatuka, manja ali m'mwamba.

"Bambo a Yesaya!"

Anathamanga pang'ono, kenako anaona nkhope. Kulira komwe analira pamenepo, amene analipo sakonda kukukamba. Anagwa m'fumbi, amayi anzawo n'kuwanyamula. Yesaya anawongoka. Anayang'ana bokosi, anayang'ana anthu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woseka.

Anyamata ena anafuna kumugwira, koma anatsogola ndi mayi Eva, msuweni wa malemu, omwe anachokera ku Mayaka. Mayiwa ndi amene mwambo unkawalola kuseketsa anthu pamaliropo, ndipo kuyambira dzulo lake ankafunsa jekete osalipeza. Malemu anali atawaveka kale jekete lopempha kwa mkulu wa mpingo mnzawo, lalikulu mapewa. Mayi Eva anamuvula Yesaya chipewa, anamuvula jekete monga avulira mwana wamng'ono, n'kulinunkhiza. "Ntchito iyi ndi yanga, si yako," anatero motsitsa mawu. "Khala pansi uone mmene timachitira."

Analivala pamwamba pa bulauzi. Anthu ankayembekezera kuti akoka mwendo, koma sanatero. Anawongola msana, anamanga mabatani onse, anapanira mbale ya pulasitiki m'khwapa ngati fayilo, n'kuyamba kuyenda mwachangu pakati pa anthu, akuvulira chipewa aliyense, ndi makanda omwe, akupereka moni wa Chilomwe ndi mawu abesi. Anthu akale anayamba kuseka, chifukwa ameneyo ndiye anali Benard amene ankamudziwa. Anayerekeza mmene malemu ankalimbanira ndi ogulitsa usipa pofuna basera, ndi mmene ankayambitsira nyimbo pansi kwambiri moti amayi ankalephera kutsatira. Pomaliza anatola kamwana kena n'kukanyamula paphewa, n'kumazungulira nako akufunsa aliyense monyada kuti, "Mwamuona mwana wanga? Mwaona mmene waseketsera tchalitchi chonse?" Pamenepo kuseka kunasanduka kulira, ndipo Yesaya anakwirira nkhope m'dothi. Nthawi yonseyi ankati amadziwa kuyerekeza bambo ake, koma anali atatolapo matenda okha.

Pochokera kumanda mayi Eva anapereka jekete kwa a Selina. Iwo analiyang'ana, anaona pong'ambika paja, n'kuitana mwana wawo pamaso pa abale. "Tenga," anatero. "Anakupempha ali moyo, sunawapatse. Apita ndi la eni ake. Ili usunge ndiwe."

Nkhani ya mwana amene anafika pamaliro a bambo ake akuwayerekeza inawanda mofulumira kuposa vidiyo ija. Pasanapite nthawi Marvin anabwera ndi maganizo oti ajambule maliro a Madala Tifika, poti anthu akuikamba kale nkhaniyo. Yesaya anamuthamangitsa. Marvin sanadandaule. Anagula jekete la khaki pa kaunjika n'kuveka mnyamata wina wa ku Sadzi, ndipo tsamba la pa intaneti lija linali m'dzina lake kuyambira kale. Yesaya anayesa kubwerera ku masewero ake akale paukwati wina, koma atangogwira maiki, mayi wina kumbuyo ananena mokweza kuti ndi uja anapha bambo akeyu. Holo yonse inangoti zii. Anatsika osamaliza, ndipo palibe anamuitananso.

Anamwa kwa miyezi ingapo, tsopano kachasu, mpaka nsapato zosongoka ndi tcheni zinapita. Tsiku lina m'mawa, mvula yoyamba itagwa, a Selina anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, atanyowa, jumbo ya jekete lija ili pamiyendo. Yesaya anagwada n'kupempha kuti amukhululukire. Amayiwo anamudzutsa pomwe anagwadapo. Kenako anati iwo amukhululukira chifukwa ndi mwana wawo, ndipo Mulungu sakana wolapa, koma amene ankafunika kumva mawu amenewo ali kumanda. Anamutsegulira chitseko.

Lero Yesaya anasiya mowa, ndipo anabwerera pa kashopu kometera kaja. Amameta ali chete. Jekete analichapa, analisoka m'khwapa, ndipo Loweruka lililonse amalisita yekha n'kulikoleka pamsomali uja, ngakhale palibe wolivala. Lamulungu amaperekeza amayi ake kutchalitchi. Koma vidiyo siifa. Nthawi zina akudutsa pa timashopu ta ku Chikanda, m'foni ya wina mumamveka mawu aja, olemera, opotoka, omwe anatuluka pakamwa pake pomwe, anthu n'kuphulika kuseka. A Selina amangoweramitsa mutu n'kufulumiza mapazi, ndipo Yesaya amatsatira pambuyo pawo, alibe pobisala.

Inu achinyamata amene Mulungu anakupatsani luso, mverani. Mphatso yoseketsa anthu si tchimo, koma musagule kuseka kwa anthu achilendo ndi misozi ya amene anakuberekani. Mowa ndi anzanu a pakamwa pa uchi adzakuuzani kuti ndi sewero chabe, kuti mudzakonza Lolemba. Amene akukuomberani m'manja lero, mawa adzaombera wina, koma bambo ndi mayi sagulidwa pa kaunjika. Ngati muli ndi kanthu kawo, kaya ndi chovala, kaya ndi ulemu umene munawavula, kabwezeni lero, akadali ndi manja olandirira. Yesaya anadikira Lolemba, ndipo Lolemba anapeza bokosi atakhoma kale.